Madzi anga akuwala mopitirira: kodi ndi mankhwala, kapena makina akundinamiza?

Kalata ya lero yachokera kwa wowerenga amene akuchita kafukufuku wa maphunziro ake apamwamba. Ndaifupikitsa pang'ono.

"Ndapatsidwa ntchito yoyeza mankhwala a kuchipatala amene amatsalira m'madzi otuluka pamalo oyeretsera madzi a zonyansa, komanso m'nyanja yamchere momwe madziwo amakathira. Mankhwala ake ndi ciprofloxacin, naproxen, diclofenac ndi carbamazepine. Labotale yathu ilibe makina a LC-MS, opatula mankhwala n'kuwazindikira ndi kulemera kwa mamolekyu awo; ili ndi spectrofluorometer basi, makina oyeza kuwala kumene zinthu zimabweza zikaunikidwa. Ndikasungunula mankhwalawa m'madzi oyera a mu labotale zonse zimayenda bwino. Koma madzi a zonyansa akuwala kwambiri moti manambala ake akuonetsa mankhwala ochuluka zosamveka, pomwe m'madzi a m'nyanja, ngakhale ndithiremo ndekha mlingo woudziwa, makina akundipatsa nambala ina. Carbamazepine ndiye sakuoneka n'komwe. Kodi makina athu ndi owonongeka, kapena njirayi ndi yosadalirika? Miyezi ikutha ndipo ndayamba kutaya mtima."

Mnzanga, mtima m'malo. Umboni woti makina anu ali bwino mwaupereka nokha: m'madzi oyera akuwerenga molondola. Ngati mukufuna kukhutira, thirani madzi oyera okhaokha mu cuvette, kabotolo koonekera kolowa m'makina, muwaunike ndi kuwala kwa 350 nanomita (muyezo wa kutalika kwa mafunde a kuwala; manambala onse a kuwala m'munsimu ali mu muyezo umenewu), ndipo muone ngati pa mzere umene makina amajambula pakutuluka kansonga kakang'ono pafupi ndi 397. Kameneko ndi ka Raman, kuwala kumene madzi enieniwo amamwaza. Kakamaoneka pamalo ake tsiku ndi tsiku, ndi msinkhu wosasinthasintha, nyali ndi diso la makina anu zilibe mlandu. Zimene zikukusowetsani tulo zili m'madzimo, ndipo aliyense amene wagwirapo ntchitoyi anadutsa pomwepa.

Tiyambe ndi chimene makinawa amachita. Mamolekyu ena akaombedwa ndi kuwala amakumeza, kenaka m'kanthawi kochepetsetsa amabweza kuwala kwawo, kwa mafunde otalikirapo kuposa kumene anameza. Ndiyo fluorescence. John Herschel anaona kuwala kwa buluu m'madzi osungunuliramo kwinini mu 1845, ndipo George Stokes anafotokoza zimenezi n'kuzipatsa dzina mu 1852. Mpaka lero kwinini wosungunulidwa mu asidi wochepa mphamvu timamugwiritsa ntchito ngati muyezo: kuwala kolowa pafupi ndi 350, kotuluka pafupi ndi 450. Ubwino wa njirayi ndi woti imaona tinthu tochepa kwambiri, chifukwa kufunafuna kanyali mumdima n'kosavuta kusiyana ndi kuyeza mthunzi masana. Koma makina amangowerenga kuchuluka kwa kuwala kumene kwafika pa diso lake. Mwini wa kuwalako samufunsa dzina. M'madzi oyera mwini ndi mmodzi, mankhwala amene mwathiramo. M'madzi a zonyansa eni ake ndi chikhamu.

Mu 1996 katswiri wa za m'nyanja Paula Coble anapatsa zilembo nsonga zimene zimaonekaoneka m'madzi achilengedwe, ndipo zilembozo tikuzigwiritsabe ntchito. Nsonga T ndi ya zinthu zonga tryptophan, zochokera ku mapuloteni ndi mabakiteriya: kolowa 275, kotuluka pafupi ndi 340. Nsonga B ndi ya zonga tyrosine, kotuluka cha pa 310. Nsonga A ndi C ndi za zomera ndi zinyalala zowola, zimene zimawala mofalikira kuyambira cha pa 400 kudutsa 450. Palinso M, ya zowola za m'nyanja momwemo. Tsono ikani mankhwala anu pambali pa zimenezi. Naproxen amatulutsa kuwala cha pa 355, pakhomo penipeni pa nsonga T, imene m'madzi a zonyansa imakhala yaikulu kwambiri. Ciprofloxacin m'madzi a asidi amawala cha pa 450, m'kati mwa dera la A ndi C. Mahomoni a estrogen, mukanakhala mukuwayeza, akanagwera pa B. Ndiye manambala aakulu amene mukupezawo, gawo lake lalikulu ndi mapuloteni ndi zowola zimene makina aziwerengera ngati mankhwala.

Pali mlendo wina amene anthu ambiri amamuiwala: mankhwala owalitsa zovala amene amathiridwa mu sopo wochapira. Anapangidwa dala kuti azimeza kuwala kosaoneka ndi maso kwa UV cha pa 350 n'kutulutsa buluu cha pa 430 kapena 440, kuti nsalu yoyera izioneka yoyera koposa. Madzi onse ochokera m'nyumba za anthu ali nawo. Ndili wamng'ono pa ntchitoyi ndinataya milungu ingapo ndikuthamangitsa nsonga ya buluu imene inkaoneka mu sampulo iliyonse, mpaka tsiku limene ndinayeza madzi oyera amene ndinawasunga m'botolo lochapidwa mofanana ndi enawo. Nsonga ija inalimo. Mabotolo ankachapidwa ndi sopo wamba. Kuyambira pamenepo sindiyeza kanthu popanda botolo la madzi oyera limene layenda ulendo wonse limodzi ndi masampulo, kuchokera kotunga mpaka mu cuvette. Chonde chitani chimodzimodzi.

Vuto lina limagwira mobwerera. Madzi akakhala ndi zinthu zambiri zomeza kuwala, kuwala kolowa kumathera m'njira kusanafike pakati pa cuvette, ndipo kotuluka nako kumamezedwa kusanafike pa diso la makina. Pa Chingerezi amati inner filter effect. Zotsatira zake, sampulo yodzaza imatha kuwala pang'ono kuposa yosungunula. Yezani absorbance ya sampulo iliyonse, ndiko kuti kuchuluka kwa kuwala kumene imameza, musanaiike mu fluorometer. Ikapyola 0.05 pa malo amene mukuunikapo, mu cuvette ya sentimita imodzi, muyenera kusungunula kapena kukonza manambala ndi masamu. Kayeso kosavuta ndi aka: sungunulani sampulo ndi madzi oyera theka ndi theka. Kuwala kukapanda kutsika ndi theka, mwaupeza mlandu. Onetsetsaninso kuti cuvette yanu ndi ya quartz yoonekera mbali zonse zinayi, chifukwa galasi wamba ndi pulasitiki zambiri zimameza UV amene mukufuna.

Tsopano za m'nyanja. Apa zowala zachilendo ndi zochepa, koma madziwo amasintha khalidwe la mankhwala. Kilogalamu imodzi ya madzi a m'nyanja ili ndi magalamu pafupifupi 35 a mchere, ndipo pafupifupi 19 mwa iwo ndi chloride. Chloride amazimitsa kuwala kwa mamolekyu ena. Chitsanzo chotchuka ndi kwinini yemweyo: thirani mchere pang'ono m'madzi ake owala bwino, muona buluu uja akuzilala pamaso panu. Si mankhwala onse amene amazimitsidwa chomwecho, n'chifukwa chake aliyense amafuna kuyesedwa payekha. Pa ciprofloxacin ndimakayikira kwambiri zinthu ziwiri zina. Choyamba ndi pH, muyezo wa asidi m'madzi. Madzi a m'nyanja ali cha pa 8.1, pomwe madzi oyera a mu labotale amene akhala pa mpweya amatsikira pansi pa 7, ndipo molekyu imeneyi imasintha mphamvu ya kuwala kwake ndi malo a nsonga yake pH ikasintha. Chachiwiri ndi magnesium, amene ali pafupifupi magalamu 1.3 pa lita, ndi calcium, pafupifupi 0.4. Maantibayotiki a banja la fluoroquinolone, momwe muli ciprofloxacin, ndi a banja la tetracycline amagwirana ndi zitsulo zimenezi, ndipo akagwirana amawala mosiyana. Mwayeza molekyu imodzi m'malo awiri osiyana, ndiye nambala sizingafanane. Kutentha nako kumalowerera: madzi akamafunda kuwala kumachepa, choncho sampulo yochokera mu firiji muziyamba mwaisiya ifanane ndi miyezo yanu.

Chinthu chimene ndikufuna mukambirane msanga ndi okuyang'anirani ndi kuchepa kwa zimene mukufunafuna. M'madzi otuluka pamalo oyeretsera, mankhwala ambiri amapezeka pa mlingo wa mananogalamu mazana angapo mpaka mamayikulogalamu ochepa pa lita. Akalowa m'nyanja amasungunuka kufika pa mananogalamu ochepa, mwinanso kucheperapo. Nanogalamu imodzi pa lita ndi galamu imodzi m'malita 1,000,000,000, madzi odzaza madamu osambiramo a mpikisano wa Olympic okwana 400. Spectrofluorometer wamba, ngakhale pa mankhwala owala bwino ndi madzi oyera, nthawi zambiri amayamba kuona pa mlingo wa mamayikulogalamu. Kutunga madzi a m'nyanja n'kuwathira mu cuvette momwemo sikungakupatseni yankho, kaya makina ndi atsopano chotani.

Mwa mankhwala anu anayi, awiri okha ndiwo amawala bwino mwachibadwa: naproxen ndi ciprofloxacin. Carbamazepine kuwala kwake ndi kofooka kwambiri, ndiye simunalakwitse kanthu pomusowa. Alipo amene amamuwalitsa pomusintha kaye ndi asidi wamphamvu kapena kuwala kwa UV, koma zimenezi zimadzutsanso zina zonse zili m'madzimo. Diclofenac nayenso payekha sawala kwenikweni. Akaombedwa ndi UV amasanduka molekyu ya mtundu wa carbazole imene imawala, ndipo njira zina zimadalira kusandulika kumeneku. Zimatheka, koma zimafuna kuti nthawi ndi mphamvu ya nyali zikhale zofanana ndendende pa sampulo iliyonse. Ine ndikanakhala inu ndikanapempha kuti kafukufuku akhazikike pa awiri owalawo, muwayeze bwino, enawo muwatumize kwina. Ndikudziwa kuti carbamazepine ndi wokopa, poti saphwanyika msanga, amadutsa pamalo oyeretsera osachepa kwenikweni, ndipo ambiri amamugwiritsa ntchito ngati chizindikiro cha komwe madzi a zonyansa afika. Koma chida chanu si chake.

Nanga muchite chiyani? Ntchito yaikulu ili musanafike pa makina.

Potunga, gwiritsani ntchito mabotolo a galasi lofiirira, chifukwa dzuwa limaphwanya ciprofloxacin, naproxen ndi diclofenac msanga. Aikeni pozizira, cha pa madigiri 4, ndipo muwasefe n'kuwakonza pasanathe tsiku limodzi kapena awiri, mabakiteriya asanadye zimene mwadzera. Sefa ya ulusi wa galasi yowotchedwa kaye pa madigiri 450 ndi yabwino, poti sefa zina zimatulutsa zowala zawo kapena kugwira mankhwala. Pamalo oyeretsera, botolo limodzi lotungidwa nthawi imodzi limanena za ola limenelo lokha. Mankhwala amabwera mosiyana m'mawa ndi usiku, ndiye ndi bwino kusakaniza madzi otungidwa pang'onopang'ono kwa maola 24. Kunyanja lembani ngati madzi anali kukwera kapena kuphwa, lembani kuya, ndipo yezani mchere pamalo aliwonse. Madzi a zonyansa ndi opepuka kuposa a mchere, amayandama pamwamba asanasakanikirane, moti masampulo awiri otungidwa pamalo amodzi, ina pamwamba ina pansi, akhoza kusiyana kutalitali. Nambala ya mchereyo idzakuuzani kuti madzi otayidwa asungunuka motani.

Kenaka pamabwera kuunjika. Njira yozolowereka ndi solid phase extraction, mwachidule SPE: mumadutsitsa theka la lita kapena lita yathunthu mu kachubu kokhala ndi ufa wogwira mankhwala, monga Oasis HLB, kenaka mumatsuka ndi madzi oyera kuti mchere uchoke, n'kutulutsa mankhwalawo ndi methanol pang'ono. Lita ikasanduka mililita imodzi, mwaunjika ka 1,000, ndipo mananogalamu aja afika pamene makina angaone. Pa madzi a m'nyanja njirayi imakupulumutsani pawiri, poti chloride, magnesium ndi calcium zimadutsa osagwidwa. Musanadutsitse, thiranimo pang'ono mankhwala otchedwa EDTA kuti amange zitsulo zija, ciprofloxacin amasuke. Koma dziwani kuti ufawo umagwiranso zowola, ndiye zimene zinkakusokonezani nazo zaunjikana. Yesani ma pH angapo ndi katsukidwe kosiyanasiyana, ndipo nthawi zonse thirani mlingo woudziwa mu sampulo ina musanayambe, kuti muone kuchuluka kumene kwabwerera kumapeto. Popanda nambala imeneyo simungadziwe ngati "palibe" akutanthauza kuti m'madzi mulibe kapena kuti mwataya m'njira. Pomaliza sungunulani zonse, miyezo ndi masampulo, mu buffer imodzi, madzi okonzedwa kuti pH yake isasinthe.

Pa kuwerengera, lekani kuyerekeza madzi a m'nyanja ndi mzere umene munaupanga m'madzi oyera. Gawani sampulo yanu magawo anayi kapena asanu, loyamba mulisiye, enawo muthiremo milingo yokwera pang'onopang'ono ya mankhwala, mujambule mzere n'kuubweza m'mbuyo. Ndiyo standard addition. Imakonza kuzimitsa ndi kusintha kwa mphamvu, chifukwa muyezo ndi sampulo zili m'madzi amodzi. Koma pali msampha umene wagwira ambiri: njirayi sichotsa kuwala kwa alendo. Ngati theka la nsonga yanu ndi tryptophan, mzere udzakhala wowongoka bwinobwino ndipo yankho lidzakhalabe labodza.

Kuti alendo achoke muyenera kuwapatula, ndipo njira yodalirika ndi chromatography, yodutsitsa sampulo mu chubu chimene chimachedwetsa zinthu mosiyanasiyana. Fufuzani ngati m'sukulu mwanu muli makina ochitira zimenezi, a HPLC, okhala ndi diso la fluorescence. Nthawi zambiri amapezeka ku dipatimenti ina, akugwira ntchito zina. Pamenepo mankhwala aliwonse amatuluka pa nthawi yake, ndipo mumakhala ndi mboni ziwiri, nthawi ndi mtundu wa kuwala. Pa naproxen ndi ciprofloxacin, SPE yotsatana ndi HPLC yotere ndi njira yolemekezeka, yoti mukhoza kuiteteza pamaso pa oyesa mayeso.

Ngati HPLC kulibe, yesani kupatula ndi masamu. M'malo moyeza pa malo amodzi, lamulani makina ayende pa kuwala kolowa kosiyanasiyana, kulikonse ajambule kotuluka konse. Mumapeza mapu athunthu otchedwa EEM. Mapu ambiri otere mukawapatsa njira ya PARAFAC, imawagawa m'zigawo, chilichonse ndi maonekedwe ake a kuwala ndi kuchuluka kwake mu sampulo iliyonse, ngakhale alendo amene simunawaike m'miyezo yanu. Mapulogalamu alipo: drEEM wa mu MATLAB ndi staRdom wa mu R. Njirayi ndimaikonda, koma ndimaiopanso. Imafuna masampulo ochuluka, makumi angapo, osiyana mokwanira. Imafuna kuti muyambe mwachotsa mizere ya kuwala kongomwazidwa, ya Rayleigh ndi Raman, n'kukonza inner filter. Ndipo mankhwala akakhala ochepa kwambiri pansi pa nsonga yaikulu yofanana nawo, kompyuta idzakupatsanibe chigawo chooneka bwino chimene sichitanthauza kanthu. Musakhulupirire chigawo chilichonse mpaka maonekedwe ake atagwirizana ndi a mankhwala enieni oyezedwa m'makina anu omwewo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pali kanjira kena kokongola kothandiza pa maantibayotiki, kothira zitsulo zotchedwa terbium kapena europium mu sampulo. Terbium akagwirana ndi fluoroquinolone amatulutsa kuwala kopyapyala pa 545, ndipo europium ndi tetracycline amatero cha pa 615. Kuwala kumeneku kumakhalitsa kuposa kwa zowola, choncho ngati makina anu amatha kudikira pang'ono nyali itathima asanawerenge, alendo amakhala atazima kale. Chimene simungasiyanitse ndi abale a banja limodzi: ciprofloxacin ndi norfloxacin adzayankha limodzi. Komanso phosphate, amene ndi wochuluka m'madzi a zonyansa, ndi EDTA yemwe uja amalimbirana zitsulozi, ndiye ziyenera kuchoka kaye.

Ndisaiwale chitetezo chanu. Madzi a zonyansa amanyamula matenda. Valani magolovesi ndi zoteteza maso, ndipo musefe pamalo osiyana ndi pomwe ena amagwirira ntchito zoyera. Methanol muziumitsira mu kabati yokoka mpweya.

Mufunefune thandizo liti? Poyamba penipeni, sankhani masampulo ochepa, ena owala kwambiri ena pang'ono, muwatumize ku labotale ya LC-MS/MS. Simufunika kutumiza malita: kachubu ka SPE kouma, kokulungidwa bwino ndi kozizira, kamayenda mosavuta. Manambala awo akayenda limodzi ndi anu, njira yanu yapeza msana. Akasiyana, mwadziwa nthawi ilipo. Imodzi mwa njira zodziwika kumeneko ndi Method 1694 ya EPA, bungwe loteteza chilengedwe la ku America, ya mu 2007, ndipo kuiwerenga kudzakuthandizani ngakhale pa katungidwe. Chachiwiri, ngati zotsatira zanu zingaloze chala fakitale, chipatala kapena oyendetsa malo oyeretsera, musazitulutse zisanatsimikizidwe ndi labotale yovomerezeka pa muyezo wa ISO/IEC 17025. Nambala yolakwika imaipitsa mbiri ya osalakwa, ndipo ikagwidwa imapatsa olakwa enieni pobisala. Chachitatu, wina akakupemphani kuwonjezera mahomoni a mapiritsi olera, ethinylestradiol, kanani kuwayeza ndi fluorometer yokha. Pa kafukufuku wa m'nyanja ina yaing'ono ya Experimental Lakes Area ku Ontario, Canada, amene anafalitsidwa mu 2007, mananogalamu 5 mpaka 6 pa lita anakwanira kuti mtundu wina wa tinsomba utsale pang'ono kutheratu. Milingo yoopsa ili pansi kwambiri pa pamene inu mungaone molimba mtima, ndipo kulemba kuti "sanapezeke" kungagonetse anthu tulo molakwika.

Komabe nambala yaikulu si nthawi zonse imene ili yabodza. Mu 2007 Joakim Larsson ndi anzake anapeza ciprofloxacin wofika mamiligalamu 31 pa lita m'madzi otuluka pamalo oyeretsera madzi a mafakitale a mankhwala ku Patancheru, pafupi ndi Hyderabad ku India, mlingo woposa umene umakhala m'magazi a wodwala amene akumwa mankhwalawo. Pamalo otere fluorometer wamba amaona popanda kuunjika. Ngati mutapatula alendo onse nsonga yanu ikhalabe yaitali, ndipo malo anu amalandira madzi a fakitale kapena chipatala chachikulu, musaibise poopa kuti ikuoneka yosamveka. Itsimikizeni mwachangu, mudziwitse okuyang'anirani ndi oyang'anira zachilengedwe, chifukwa maantibayotiki ochuluka chotere amalera mabakiteriya osamva mankhwala.

Ntchito yanu ikufunika. Kafukufuku wamkulu amene anatsogoleredwa ndi yunivesite ya York n'kufalitsidwa mu 2022 anayeza mitsinje 258 m'maiko 104, ndipo malo ambiri oipitsidwa kwambiri anali m'madera amene anali asanayezedwepo mokwanira. Makina a LC-MS ndi okwera mtengo ndipo ndi ochepa. Njira yotsika mtengo imene ingayeze masampulo mazana n'kusonyeza oyenera kutumizidwa kokatsimikiza ili ndi malo ake enieni, malinga wolemba anene poyera malire ake. Ndipo EEM ija, ngakhale italephera kukupatsani mankhwala, nsonga T ndi ya sopo zidzakujambulirani njira imene madzi a zonyansa amayenda akalowa m'nyanja, n'kukuuzani malo oyenera kutungapo.

Sabata ino musapite kotunga. Yezani Raman, yezani botolo la madzi oyera lochapidwa monga mwa nthawi zonse, yezani absorbance ya masampulo amene muli nawo, ndipo muthire ciprofloxacin wofanana m'madzi oyera ndi a m'nyanja mutawaika onse pa pH imodzi ya asidi. Mukapeza manambala anayiwo mundilemberenso, mutchulenso mtundu wa cuvette ndi sefa zimene mukugwiritsa ntchito, tidzaone limodzi poyambira SPE.